Pulagi Yachitatu pa Msewu wa ku Luangwa

Uthenga unatipeza kwathu ku Kapata, komboni ya pa Foti Jemusoni, Lamlungu masana, titangochokera kutchalitchi. Yobe, mlongo wake wa mkazi wanga Esitere, anali atalembetsa usilikali, ndipo malole onyamula anyamata olembedwa kumene anali atanyamuka kale pa Boma la Foti Jemusoni kulowera ku Lusaka. Inali nthawi ya nkhondo yaikulu ija ya azungu, ndipo kupita kwa mnyamata sikunali kwachilendo. Chimene chinaliza Esitere chinali china. Yobe atatchula za usilikali kumudzi ku Kasenengwa, amayi ake anapsa mtima, chifukwa thonje linali lisanatoledwe ndipo mwana wamwamuna anali yekhayo. Anamuuza pamaso pa anthu kuti, "Ukapita usadzabwerenso, mafupa ako akatsale komweko." M'mawa mwake anapeza pamphasa pa Yobe palibe munthu.

Kwathu mawu otere a mayi sangosiyidwa. Amene anawanena ayenera kumwa madzi, kuwalavula pansi mwanayo akuona, ndi kunena kuti mumtima mulibe kanthu. Apongozi angawo anali Akatolika enieni, a korona m'khosi, ndipo anali atalapa kale kwa ansembe. Koma anati ansembe si amene anatukwanidwa, wotukwanidwa ndi Yobe, ndipo iyeyo ndiye ayenera kumva.

Ine ndinali dalaivala wa mmwenye wina wa sitolo. Lolemba lomwelo ndinayenera kupereka mchere ndi nsalu ku masitolo ake a ku Petauke ndi ku Nyimba, ndipo anthu ankati malole aja akaima ku Petauke mpaka Lachitatu kudikira anyamata a kumeneko. Esitere anali ndi pakati potopa, sakanatha kuyenda. Anangondiyang'ana, ine n'kudziwiratu kuti ulendo uno ndinyamula apongozi.

Vuto linali lakuti mkamwini sayang'anana ndi apongozi ake aakazi. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Zaka zisanu ndili pabanja ndinali ndisanalankhulepo nawo maso ndi maso, mawu athu ankadutsa mwa munthu wina. Mwayi wake, a Lungu, telala wa pakhonde la sitolo yathu, ankabwerera kwawo ku Petauke ndi makina awo osokera. Anali munthu wamkulu, waulemu mpaka kutopetsa, wopepesa ngakhale kwa nkhuku akaiponda. Ndinati basi, pakamwa pathu tapeza.

Galimotoyo inali yakale kuposa ukwati wanga, yodulidwa kumbuyo n'kukhomedwa matabwa kuti izinyamula katundu. Ku Kapata ankaitcha Chifuwa. Ine ndinkainyadira, ndipo ndisabise, ndinkadzitama kuti makutu anga amamva matenda a injini ili kutali. Zitsulo zatsopano zinkasowa chifukwa cha nkhondo, choncho chilichonse tinkangotsuka n'kubwezera.

Tinafika ku Kasenengwa dzuwa litakwera pang'ono, n'kupeza apongozi akukazinga nsawawa zoti akapatse Yobe. Mtima wanga unali kale pamsewu. Kuti ndisangokhala ndikupondaponda, ndinamasula mapulagi onse anayi, tinthu topereka moto mu injini, n'kuwapala mwaye, n'kuwandandalika pansalu pamwamba pa madigadi monga mwa malo ake. Kenaka anandiitanira chakudya kunyumba ya kuseri, kutali ndi kumene kunali apongozi. Nditabwerako ndinawapeza mapulagi ali mmene ndinawasiyira, ndinawamanga mofulumira, n'kupukusa handulo yolizira injini. Chifuwa analira bwinobwino. Apongozi anakwera kumbuyo, n'kukhala pamatumba a mchere atafulatira kutsogolo, nsalu ili kumutu. A Lungu anakhala pambali panga.

Pachitunda choyamba titalowa mumsewu waukulu, ndinamva kaphokoso. Tche, tche, tche, kochokera mkati mwa boneti, ndipo galimoto inayamba kudukiza, kukoka n'kusiya, kukoka n'kusiya. Titafika pamwamba, zii, kaphokoso kaja kanatha. Pachitunda chachiwiri kanabweranso. Cha ku Mtenguleni ndinaima pansi pa mtengo n'kutsegula boneti.

Pulagi yakufa siivuta kuipeza. Umatenga sikuludiraiva ya chigwiriro chamtengo, injini ikulira, n'kuigunditsa pamutu pa pulagi ndi pachitsulo cha injini kuti moto uthawire pamenepo. Pulagi ikakhala yamoyo, injini imatsimphina pomwepo. Ikakhala yakufa, kulira sikusintha. Ndinayesa yoyamba, yamoyo. Yachiwiri, yachitatu, yachinayi, zonse zamoyo. Ndinabwereza kawiri. Ndinati mapulagi alibe mlandu, ndipo ndinanena mokweza kuti a Lungu amve.

Apa apongozi anakodola a Lungu. A Lungu anapita kumbuyo, n'kugwada, n'kumvetsera, akuomba m'manja pang'onopang'ono. Atabwerako anati, "Amama akuti musade nkhawa, a dalaivala. Akuti mugwira nchito bwino ngako."

Ndinati akawathokoze. Koma ndinadabwa pang'ono kuti apongozi alankhula nthawi yaitali chonchija kuti atulutse mawu ochepa otere.

Kuchokera apo mpaka ku Katete tinayenda ngati tikuperekeza maliro. Pachidikha Chifuwa ankathamanga, pachitunda ankatsokomola, ndipo zitunda zina a Lungu ankatsika n'kumakankha, jekete ali chivalire. Ndinaganiza kuti ndi petulo wa zinyalala. Pa Katete, kuseri kwa sitolo ina, ndinamasula kabureta yonse, ndinapemerera timabowo take mpaka milomo kuwawa, ndinasefa petulo ndi chipewa changa. Kasikuluwu kamodzi kanagwera mumchenga, ndipo tinakafuna anthu asanu, ena ongodutsa ndi njinga, mpaka dzuwa kufiira. Amene anakapeza anali mayi wina wogulitsa nthochi, kali pansi pa chidendene cha a Lungu. Nyali za galimotoyo zinali zongokongoletsa, choncho tinagona pomwepo. Tisanabalalike apongozi anaitananso a Lungu, ndipo uthenga umene unandifika unali wakuti Mulungu ndi wamkulu, ndipume.

Lachiwiri tinalawirira. Mamailosi sitinkawerenga masiku amenewo, tinkawerenga zitunda, ndipo pachitunda choyamba penipeni, tche, tche, tche. Ndinamenya chiwongolero ndi chibakera. Usiku wonse ndinali nditadziuza kuti kabureta ndaithetsa.

Pa Sinda ndinaimanso. Ndinadula kamtengo kouma, mbali ina pa injini, ina pakhutu, kumvetsera malo ndi malo. Galimoto itaima, injini inkalira mokoma ngati yatsopano, ndipo zimenezi n'zimene zinkandipweteka mutu. Ndinati mwina ndi mavavu, n'kutsegula chivundikiro cha m'mbali, n'kuyeza mipata ndi kapepala ka fodya. Anthu anatizungulira. Mkulu wina wa njinga anati galimoto yotere imafuna kuthira dzira mu redieta. Wina anati mwanyamula munthu wa mtima wolemera. Ameneyo ndinamuyang'ana mpaka anachoka. Apongozi anali atatsika, atakhala patali pansi pa mtengo wa mango, kathumba ka nsawawa kali pamiyendo. Sanadye kanthu chichokereni kwawo. Ndinawaona akulankhula ndi a Lungu, ulendo uno dzanja likuloza galimoto, likubaya m'mwamba katatu.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

A Lungu anakonza kolala. "Akuti... akuti dzuwa lakwera, koma musafulumire, mungadzipweteke."

"Ndi dzanja lonse lija?"

"Ndi mmene alankhulira akuluakulu, a dalaivala. Lomba tiyeni."

Tinalowa m'Petauke madzulo, fumbi lili m'mano. Pabwalo la pa Boma panali mapazi a matayala, mapulusa a moto, ndi zitini zopanda kanthu. Mesenjala wina amene ankatsitsa mbendera anatiuza kuti malole achoka m'mawa womwewo, sanadikire Lachitatu. Anati akagona ku Nyimba. Ndinawerenga m'mutu maola amene ndinataya pa Katete ndi pa Sinda, ndipo ndinachita manyazi oti sindinawamvepo. Apongozi anangokwera kumbuyo n'kukhala pamchere paja, ngakhale ankadziwa kuti sitinyamuka mpaka kucha.

A Lungu anatsitsa makina awo, anatidalitsa, anapepesa potisiya, n'kupita. Ndipamene ndinazindikira kuti mawa tidzakhala awiriwiri, ine ndi munthu amene sindingamufunse ngakhale kuti mwadzuka bwanji.

Lachitatu ndinapereka katundu wa pa Petauke mwini sitolo akadali ndi tulo m'maso, n'kunyamuka. Titapitirira Minga pali chitunda chachitali chokhotakhota. Chifuwa anachiyamba ndi mtima wonse, pakati anayamba kudukiza, kenaka anaphulitsa kamodzi kupaipi ya utsi n'kuzima. Ndinalumpha, ndinaika miyala kumatayala, n'kukhala pansi m'fumbi momwemo. Nzeru zinali zitandithera. Kunali zii, kupatula nyenje ndi madzi a mu redieta akubwata.

Ndinamva apongozi akutsika. Anazungulira n'kukaima mbali ina ya galimoto, atandifulatira. Anatsokomola, kenaka anagogoda bodi ya galimotoyo ndi chala.

"Iwe motoka," anatero, "makutu uli nawo?"

Ndinadzuka n'kuvula chipewa.

"Kauze atate a Maliya kuti ine ndanena katatu. Pa Mtenguleni ndinanena, pa Katete ndinanena, pa Sinda ndinanena. Tinthu tawo toyera tija anatisiya pansalu kwathu, mbuzi inakoka nsaluyo, kamodzi kanagwera pamphero. Ndinakatola ndine. Kanang'aluka kumsana, mng'alu waung'ono ngati tsitsi. Ndinakabwezera pamene panali mpata, kachitatu kuchokera kutsogolo. Za motoka sindizidziwa, koma anthu akamasinja pamodzi, wina akaphonya munsi ndimamva. M'mimba mwakomo muli mmodzi akuphonya."

Maliya ndi mwana wathu woyamba. Kenaka nanenso, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, ndinayang'ana boneti n'kunena kuti, "Motoka, uwafunse amayi ngati a Lungu anawauza zimenezi."

"Uwauze kuti a Lungu ndinawauza zonse. Kaya mawu anga ankakawasiya kuti."

A Lunguwo ndinadzawafunsa pobwerera. Anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "Nanga ndikanati chiyani, a dalaivala? Kuti apongozi anu akuti simudziwa nchito? Pamaso pa anthu? Ine ndinali kusunga ulemu wanu."

Ndinamasula pulagi yachitatu ikadali yotentha. Khosi lake loyera lija, lopangidwa ndi dongo ngati la kapu ya tiyi, linkaoneka labwinobwino kutsogolo. Nditaitembenuza n'kupaka chala cha mwaye, mzere wakuda unatulukira kuchokera pamwamba mpaka pachitsulo. Unali kumbali yobisika, yoyang'ana ku injini. Zonse zinamveka nthawi imodzi. Galimoto ikaima, moto unkadutsa njira yake bwinobwino, n'chifukwa chake sikuludiraiva inkandinamiza. Pachitunda, injini ikalemedwa, moto unkaona kuti mkati mwavuta n'kuthawira mumng'alu muja, kulumphira pachitsulo. Tche, tche uja anali motowo. Ine ndinaphwasula kabureta ndi mavavu osalakwa, chifukwa ndinali nditalengeza kale kuti mapulagi alibe mlandu.

Mapulagi a nthawi imeneyo ankamasuka pawiri. M'bokosi la zitsulo ndinali ndi ina yakale yothyoka kansonga, koma khosi lake linali lamoyo. Ndinachotsa khosi long'aluka, ndinaika linalo, ndinamanga, ndinayeza mpata ndi chikhadabo. Ntchito yonse sinatenge nthawi yophikira tiyi. Nditapukusa handulo, Chifuwa anakwera chitunda chija osatsokomola ngakhale kamodzi, ndipo m'malo mosangalala ndinkafuna kulira.

Pa Nyimba tinafika dzuwa lili pamutu. Malole anali atachoka m'mawa. Apa ndiye panali pothera ulendo wanga, bwana wanga sananditume kupitirira, ndipo kutsogolo kunali mapiri okhaokha mpaka ku mlatho wa Luangwa. Ndinatsitsa mchere ndi nsalu. Nditatembenuka ndinapeza apongozi ataima patsogolo panga, nsalu atachotsa kumutu. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi. Anali ndi maso a Esitere.

"Atate a Maliya," anatero, "wotilankhulira palibe, ndipo motoka ndatopa nayo. Ndikupemphani ndekha. Ndifikitseni."

Ndinayang'ana pansi. "Kwerani kutsogolo, amayi. Kumbuyo kulibenso pokhala."

Ndinathira chitini cha petulo chimene chinali cha pobwerera. Za chitini chimenecho ndinakayankha kwa bwana patapita masiku, ndipo sizinali zokoma.

Msewu wa kupitirira Nyimba unali wa miyala ndi makona. Sitinalankhulane zambiri. Iwo ankagwira chitseko ndi dzanja limodzi, lina lili pa korona, ndipo tikayamba chitunda ankapendeketsa mutu kumvetsera injini. Tikafika pamwamba ankangoti, "Onse anayi." Cha ku Kacholola tinapeza chipata cha kashembe, pamene galimoto iliyonse inkaima kuti aifufuze ntchentche zoluma zija. Mlonda wake anali atapita kumadzi. Tinaliza hutala, tinaitana, ndinafika pogwira mtengo wotchingawo kuti ndiuchotse ndekha, koma unali ndi loko. Mlondayo anabwera akuyenda mwaulesi, ndi kaukonde kake m'manja, n'kuyamba kuzungulira galimoto, kusuzumira pansi, kukupiza m'matayala. Anagwira ntchentche imodzi n'kutionetsa monyadira.

"Malole a asilikali apita nthawi yanji?" ndinamufunsa.

Analoza kumwamba, pang'ono chabe kuchokera pamene dzuwa linali. "Ndi ambiri, achedwa pano. Ndipo pamlatho awoloka imodziimodzi."

Sindikumbuka mmene ndinatsikira mapiri amenewo. Mabuleki ankanunkha, redieta inkafuka, ndipo pakona ina tayala lakumbuyo linaponda m'mphepete mwa phompho. Dzuwa litapendeka tinaona mtsinje pansi, ndi mlatho, ndi fumbi. Tsidya lina malole anali atandandalika kale. Tsidya lathu anatsala atatu.

Apongozi anatenga chipanda chawo cha madzi, anamwa, koma sanameze. Anadzaza masaya n'kutseka pakamwa. Ndinamvetsa. Ankaopa kuti nthawi yomwera sikapezeka.

Pamene tinkafika pansi anali atatsala awiri. Msilikali wolondera anatiimitsa patali ndi mfuti yopingasa, n'kunena kuti galimoto isapitirire. Ndinamuuza kuti ndi mayi wa mwana, anayang'ana masaya aja, n'kutembenukira kumbali ngati sakutiona. Tinathamanga. Apongozi anataya nsalu ya kumutu, kathumba ka nsawawa kali m'manja, ndipo sakanatha kuitana chifukwa cha madzi aja. Woitana ndinali ine.

"Yobe! Yobe wa ku Kasenengwa!"

Anyamata onse anali ometedwa mipala, ovala zofanana, ofiira ndi fumbi. Lole yoyamba inalowa pamlatho. M'lole yotsala mitu inatembenuka yambirimbiri, ena akuseka, ena akuitana nawo dzinalo mongochita chipongwe. Mwina Yobe anali atawoloka kale. Dalaivala wa loleyo analiza injini, n'kulowetsa giya.

Kenaka pakati pa lole munthu anaimirira, akukankha anzake, kubwera kumbuyo. Anali Yobe. Lole inali itayamba kuyenda. Amayi ake anafika pafupi ndi chitseko cha kumbuyo, anaonetsetsa kuti akuwayang'ana, n'kulavula madzi aja pansi, fumbi n'kuchita dontho lakuda.

"Ndinanena ndi pakamwa chabe, mwana wanga! Mumtima mulibe! Ukabwere! Wamva? Ukabwere!"

Anaponya kathumba kaja, mnyamata wina anakawakha n'kumupatsira. Yobe anagwira chitseko ndi dzanja limodzi, anawerama, pakamwa pake panayenda. Lole inakwera pamlatho, ndipo tinaima pamenepo mpaka yonse inazimiririka m'mapiri a tsidya lija.

Yobe sanabwere. Patapita zaka ziwiri mesenjala anafika ku Kasenengwa ndi kalata yakuti anamwalira ndi malungo kudziko lakutali, kutsidya kwa nyanja. Tinapita kumaliro opanda mtembo. Tsiku lachitatu anthu atayamba kubalalika, apongozi anatuma Esitere kuti andiitane. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe, atakhala pansi, maso atatupa, asanadye kanthu chiyambire maliro.

"Atate a Maliya, inu munalipo. Makutu anga ndi akale. Paja pamlatho anayankha kuti chiyani?"

Injini ya lole inali kulira, anyamata anali kukuwa, mlatho unali kugunda. Sindinamve liwu ngakhale limodzi. Ndinangoona milomo.

"Anati, ndamva amama," ndinatero.

"Munamva bwinobwino?"

"Ndinamva bwinobwino, amayi."

Anagwedeza mutu, anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, n'kuitanitsa madzi osamba. Tsiku limenelo anadya.